Mkuwa wa Jenerali Dou

"Alamu, chotsani dzanja pa ketulo yanga," anatero Mayi Luan. "Mupsa."

Deshan anachotsa dzanjalo. Iye anali mng'ono wa malemu mwamuna wa Mayi Luan, ndipo kuyambira chaka chimene Ajapani analanda mzinda wa Jining, ndiye ankayang'anira mabanja makumi atatu a mu Msewu wa Opota Zingwe. Udindowo sanaupemphe. Anamusankha chifukwa ankadziwa kuwerenga ndipo sankadziwa kukana.

"Sindinabwere kudzaitenga," anatero Deshan. "Ndimangoiona."

"Mwakhala mukuiona zaka makumi awiri. Lero yamera nyanga?"

Ketuloyo inali yamkuwa, yaikulu ngati mbiya ya mowa, yomangiridwa pa ng'anjo ya njerwa. Malasha anali atasowa mumzinda, choncho msewu wonse unkagula madzi otentha kwa Mayi Luan, a tiyi, a phala la mapira ndi osambitsira makanda. Ana awo aakazi awiri ankadya chifukwa cha ketulo imeneyo.

Deshan anatulutsa pepala m'thumba. Asilikali ankafuna mkuwa wopangira zipolopolo, ndipo msewu uliwonse unayenera kupereka makilogalamu makumi asanu ndi limodzi pasanathe masiku atatu.

"Ndayenda khomo ndi khomo," anatero. "Ndapeza makilogalamu asanu ndi anayi okha. Masupuni, maloko, mabelu a abulu, zonse tinapereka chaka chatha. Ndikapita ndi zimenezi, abwera okha kudzafufuza m'nyumba. Mukudziwa mmene amafufuzira."

"Ndiye anthu akuti chiyani?"

Deshan anayang'ana pansi. "Akuti ketulo yanu payokha ikwanira."

Pa benchi pafupi ndi chitseko panali mdala Geng, wokumba zitsime, amene ankamwa madzi otentha opanda masamba n'kumawatcha tiyi. Anatsokomola.

"Bwanji osapereka Jenerali?" anafunsa.

Onse awiri anamuyang'ana.

Ajapani asanabwere, ngakhalenso boma la kumwera lisanafike, mzindawo unali m'manja mwa Jenerali Dou, munthu amene anali ndi asilikali akeake ndipo sankamvera aliyense. Ankakhometsa msonkho pa mchere, pa mazenera, ngakhale pa mabokosi a maliro. Chaka china analamula kuti nyumba iliyonse ipereke mkuwa woti aumbire chifanizo chake. Mayi Luan anapereka beseni la ukwati wawo. Chifanizocho chinaima pamsika miyezi isanu ndi itatu yokha, kenaka Jenerali anathawa pa sitima ya pamtunda ndi akazi ake onse, ndipo anthu anachigwetsa ndi zingwe.

"Miyendo ndi mimba anatenga asilikali amene anabwera pambuyo pake," anatero Geng. "Koma mutu ndi chifuwa zinagubudukira mu msewu wathu uno. Ine ndi malemu amuna anu tinaopa kuti munthu uja akabwerera adzatipachika tonse. Tinakaziponya m'chitsime chouma kuseri kwa kachisi."

"Ndipo simunanene zaka zonsezi?" anafunsa Mayi Luan.

"Munandifunsa?"

M'mawa mwake amuna asanu ndi atatu anasonkhana pa chitsimecho ndi zingwe zatsopano. Geng, ngakhale anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, anatsikira yekha. Anakhala pansipo nthawi yaitali akufukula zinyalala ndi matope.

"Ndamupeza!" anakuwa. "Ndevu zake zikadali bwinobwino!"

"Mumange m'khosi!" anayankha wina pamwamba. "Tachedwa nazo kale!"

Anakoka. Chinthucho chinali cholemera kwambiri, ndipo aliyense anakondwa ndi kulemerako. Chitafika pakamwa pa chitsime, chingwe china chinatsetsereka, mutu unagunda mwala, khutu lakumanzere n'kuthyoka.

Mayi Luan ndiwo anatola khutulo. Analitembenuza m'dzanja. Kunja kunali mkuwa wopyapyala ngati chikopa cha anyezi. M'kati munali simenti.

Kenaka Geng, amene anali atangotuluka ali matope okhaokha, anayamba kuseka mpaka anakhala pansi.

"Wakuba uja! Anagulitsa mkuwa wathu n'kutipatsa mwala woti tiziugwadira!"

"Beseni langa," anatero Mayi Luan. Iwo sanaseke.

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo ena pochoka ankayang'ana cha ku nyumba ya madzi otentha. Deshan anagwada pambali pa chifanizocho n'kupapasa pamene panali khutu.

"A Geng, mwa zija ndinasonkhanitsa muli chipande chamkuwa. Titachiphwanya ndi hamala, sichingatseke apa?"

"Chingatseke. Tikapaka matope palibe angaone."

"Alamu, mwapenga?" anatero Mayi Luan. "Akachigogoda n'kumva kuti ndi mwala, akutengerani ku polisi ya asilikali. Mwana wa a Fei anapita kumeneko ndi miyendo yake, anabwera atanyamulidwa pa chitseko."

"Ndikudziwa."

"Muli ndi ana anayi."

"Ndi anu awiriwo, asanu ndi mmodzi," anayankha Deshan. "Achimwene akanakhala moyo bwenzi atanena chiyani ndikanazula ketulo yawo? Ndipatseni hamala, a Geng."

Pa tsiku lachitatu anakweza chifanizocho pa wilibala. Mayi Luan anasiyira mwana wawo wamkulu moto n'kugwira chingwe chakutsogolo.

"Bwererani, alamu. Si ntchito ya amayi iyi."

"Ngati mukukafera ketulo yanga, ndikaonerere," anatero iwo, n'kuyamba kukoka.

Mkuwa ankaulandirira m'bwalo la sukulu ina yakale pafupi ndi ngalande. Panali mulu wa mapoto, zoikapo makandulo ndi mabelu a m'makachisi. Pa sikelo panali kalaliki wina Mtchaina, wowonda, wa magalasi, dzina lake Sui. Chapatali, pansi pa mtengo, panakhala ofisala wa Chijapani akusuta fodya, lupanga lili pamiyendo.

Amuna awiri anaika chifanizocho pa sikelo. Makilogalamu makumi asanu ndi awiri kudza anayi.

Sui anachizungulira. Anachigogoda pachipumi ndi nkhonya. Sichinalire. Anagogodanso paphewa. Kenaka anakanda matope a pakhutu ndi chikhadabo, n'kuyang'ana Deshan pamwamba pa magalasi.

"Ameneyu ndimamudziwa," anatero Sui motsitsa mawu. "Bambo anga anapereka mtondo wawo wosinjira mankhwala."

"Ife beseni," anatero Mayi Luan.

"Nanenso anandipatsa nambala yoti ndikwanitse pofika madzulo ano." Sui anabwezera matope aja ndi chala chachikulu. "Mkuwa, makumi asanu ndi awiri kudza anayi. Kachiikeni kuseri kwa mulu, nkhope pansi. Kokasungunulira n'kutali, ndipo kumeneko sakadziwa kuti chinachokera msewu uti."

Koma ofisala uja anali ataimirira kale. Anabwera, anayang'ana ndevu za Jenerali, n'kufunsa kudzera mwa womasulira kuti ameneyu anali ndani. Atauzidwa, anaseka kwambiri. Anati izi ndizo zofunika: anthu a ku Jining akutaya olamulira awo akale ndi manja awo. Anamenya Deshan paphewa, anafunsa dzina la msewu, n'kulilemba m'kabuku kake. Chifanizocho sanachikhudze.

Pobwerera, atafika pa mlatho, Deshan anatula wilibala n'kusanza m'ngalande. Mayi Luan anamudikira.

Masiku khumi anadutsa. Ketulo inkawira monga mwa masiku onse, ndipo anthu amene ankafuna kuti iperekedwe ankabwera ndi mitsuko yawo n'kumapereka moni mokweza kuposa kale. Geng ankafotokozera aliyense nkhani ya khutu, mpaka Mayi Luan anamuuza kuti akaibwerezanso azikamwa madzi a m'ngalande.

Tsiku lakhumi ndi chimodzi Deshan anabwera ndi pepala lina, lalikulu, la chidindo chofiira. Analiyala pa benchi.

"Atiyamikira," anatero. "Akuti ndife msewu wachitsanzo mumzinda wonse. Pepalali tilimate pakhoma."

"Ndiye nkhope yagwa chifukwa chiyani?" anafunsa Mayi Luan.

"Poti tinaposa muyeso, mwezi wamawa tipereke makilogalamu zana limodzi."

Geng anaika kapu yake pansi. "Chitsime china chokhala ndi Jenerali kulibe," anatero.

Mayi Luan anapukuta manja pa epuloni. Anayang'ana pepalalo ngakhale sankadziwa kuwerenga, kenaka anayang'ana mlamu wawo, amene m'masiku khumi aja anali atawonda mpaka kolala ya malaya inkamukhwepa.

"Ulendo uno simukankha wilibala," anatero. "Mudzatume amuna awiri ndi nyundo adzazule ketuloyi tsiku lomaliza, osati lisanafike. Mpaka pamenepo iziwira."

"Alamu..."

"Ndanena."

Anaitana mwana wawo kuti ayang'anire moto, anavala chikhoto, n'kutsika ndi msewu mpaka kwa woumba mbiya kunja kwa chipata chakumwera. Anamuonetsa ndi mikono kukula kwa pakamwa pa ng'anjo.

"Mbiya yadothi yowiritsira madzi pamoto wa tsiku lonse siikhalitsa, mayi," anatero woumbayo. "Miyezi itatu, yang'aluka."

"Ndiye muumbe ziwiri," anatero Mayi Luan. "Zokhuthala pansi."