Kandodo ka Mlonda Pageti la Chipatala

Atachapa matewera, kukolopa ndi kusiya ana kwa apongozi, make mapasa ananyamuka kukaona mkulu wake amene anagonekedwa m'chipatala.

"Ndi kabatire kanu ka mumtimako?" anatero apongozi. "Makina a kumeneko akakuthimitsani ngati wailesi."

"Anandiika konko kabatireka, amayi."

Pageti, mlonda analozetsa kandodo kofufuzira zitsulo pachifuwa pa make mapasa. Iye anabwerera m'mbuyo n'kutulutsa khadi lake la kuchipatala.

"Ako musakagunditse apa, achimwene. Ndili ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda. Adokotala anati azindisecha ndi manja."

"Lamulo ndi lamulo, mayi. Apo ayi, bwererani."

Nthawi yoona odwala inali itatsala mphindi makumi atatu. Make mapasa anakhala pansi pakati penipeni pa geti, miyendo tambasu.

"Itanani mnzanu wamkazi. Ine pano sindisuntha."

Anthu pamzere atayamba kukuwiza mlondayo, mlonda wamkazi anabwera, anamupapasa mayiyo, n'kumulowetsa. Make mapasa anakapeza mkulu wakeyo ali maso, anamupukuta nkhope ndi kumupesa tsitsi.

Zonsezi zinamudyera mphindi makumi awiri, diresi lodetsedwa kumbuyo, ndi minibasi yobwerera kunyumba imene inamusiya.