Ambulera Yodontha

Atawachotsa ng'ala m'diso lamanzere, mayi Lufina anauzidwa kuchipatala kuti disolo lisaombedwe ndi dzuwa mpaka litapola. Anawapatsa magalasi akuda, koma munthu wina anawakhalira mu minibasi asanafike n'komwe pa Biriwiri. Choncho anatulutsa ambulera yakuda ya malemu amuna awo, n'kumapita nayo kumsewu komwe amagulitsa kachewere m'zidebe.

Disembala anali atalowa, mvula osagwa. Amene anathamangira kudzala, chimanga chawo chinapserera m'mizere. Masana mitambo inkasonkhana cha ku Mozambique, n'kumwazikanso. Nyengo ikafika potere, anthu amatopa n'kuyang'ana kumwamba, amayamba kuyang'ana nkhalamba.

Mwana wawo Raymond anali pakhomo chimalizireni maphunziro a kuyunivesite, akudikira ntchito. Masiku ankawathera pakhonde, akudzaza mawu a Chingerezi m'timabokosi ta m'nyuzipepala zakale. Apo ndi pamene Maynard, wogulitsa kabichi moyandikana ndi mayi Lufina, anamupeza.

"Achimwene, muwauze amayi aisiye ambulera ija."

"Yalakwanji?"

"Anthu akulankhula. Akuti mtambo ukangobwera, iwo n'kutambasula, mtambo uja wapita."

"Amaitambasula kuyambira m'mawa, mtambo ulipo kapena palibe."

"N'zimenezotu. Ambulera ndi ya mvula. Munthu wotchinga mvula yoti sinagwe, akudziwapo chiyani?" Maynard anakanda m'mutu. "Ine sindikhulupirira zimenezo. Koma dzulo anyamata a kabaza aponya mwala, wagunda chidebe chawo. Sanakuuzeni?"

Sanamuuze. Raymond ankadziwa mmene nkhani za omanga mvula zimathera, anazimvapo pa wailesi kangapo. Madzulo anawapempha amayi ake kuti ayambe akhala pakhomo.

"Ndikhale m'nyumba?" anatero mayi Lufina, akusankha kachewere. "Ndiye adzati ndabisala kuti ndiitsekere bwino mvulayo mumphika. Ndipo uyu adikira ndani? Wayamba kale kumera."

"Nanga mukapita opanda ambulera?"

"Diso ndi langa, iwe. Ndaliyendera mtunda wautali."

M'mawa mwake Raymond anawaperekeza kumsewu, ali ndi chikhulupiriro cha munthu wophunzira chakuti anthu ukawafotokozera bwino amamva. Anaima pafupi ndi njinga za kabaza n'kunena kuti kutchinga dzuwa si zachilendo. Azungu ali ndi mawu akeake a ambulera ya dzuwa, amati parasol. Mawuwo tanthauzo lake ndi chotchinga dzuwa basi, ndipo chinthucho sichipangidwira mvula ngakhale pang'ono.

Mmodzi wa anyamatawo, Evance, anamvetsera mpaka pamapeto akutafuna nzimbe.

"Chabwino, aphunzitsi. Ndiye ya agogoyi ndi iti? Ya dzuwa kapena ya mvula?"

Raymond anayang'ana ambulera ya bambo ake, yakuda, yolimba, yoti yaona madzinja ambiri.

"Iyi ndi ya mvula, koma..."

"Mwamva nokha," Evance anauza anzake, n'kulavula zotafuna.

Tsiku la msika Raymond anakwera kupita ku Tsangano, osadziwa kwenikweni chomwe akufuna. Anaunguza magalasi akuda, n'kupeza a ana okhaokha. Pobwerera anadutsa pa benchi ya kaunjika ya mayi Zubeda, ndipo pamsanamira panali patapachikidwa kanthu koyera kokhala ndi mpini wansungwi. Anakatambasula. Inali ambulera ya nsalu yoluka, ya maluwamaluwa, timabowo paliponse.

"Inabwera m'belo la makatani," anatero mayi Zubeda. "Aliyense amaitambasula, kuseka, n'kuibweza. Ambulera yanji yobadwa yodontha? Mukukwatira, achimwene?"

"Ayi, ndi ya amayi."

"Mwayambana nawo?"

Kunyumba mayi Lufina anaitembenuza uku ndi uku, diso labwinolo litatsinzina pang'ono.

"Pa msinkhu wanga, ndinyamule katani?"

"Mungoyesa, amayi."

"Mthunzi wakenso wa mabowo."

Zinali zoona. Anachita kutsitsa duku mpaka kuphimba diso lodwalalo, n'kutuluka. Raymond ankabwera pambuyo atasenza chidebe.

Kumsewu anthu anasiya zomwe ankachita. Azimayi a tomato anayamba kululutira. Wina anafunsa kuti mkwati ali kuti. Mayi Lufina anakhala pa mpando wawo, n'kuyamba kuunjika kachewere ngati palibe chachitika.

Evance anabwera n'kuzungulira ambulerayo, manja ali kumbuyo.

"Ndiye ija munkanenayi, aphunzitsi?"

"Ndi imeneyo. Ya dzuwa lokha."

"Tione."

Anatenga kapu ya Maynard, n'kutunga m'ndowa yowazira kabichi. Raymond anafuna kumugwira dzanja, koma amayi ake anamuyang'ana, iye n'kuima. Evance anathira pang'onopang'ono pamwamba pa maluwa aja. Madzi anadutsa onse. Ananyowetsa duku, n'kutsikira m'khosi ndi pamapewa. Mayi Lufina sanasunthe, anangophimba diso ndi chikhatho.

Phwete la anthu linamveka mpaka tsidya lina la msewu.

"Aaa, iyi singatchinge ngakhale malovu!" anatero Evance. "Pepani agogo, takunyowetsani."

"Ndaziziritsidwako," anayankha iwo. "Gula kachewere."

Kuyambira tsiku limenelo mwala sunaponyedwenso. Anyamata a kabaza ankawatcha akwatibwi, ena ankawathandiza kukweza zidebe m'magalimoto. Diso linkatuluka misozi masana chifukwa cha timadontho ta dzuwa todutsa m'mabowo, koma linkapola. Ambulera yakuda Raymond anaikankhira pansi pa bedi.

Mvula sinagwe sabata imeneyo, ngakhale yotsatirayo.

Tsiku lina Maynard anadzeranso pakhonde, n'kukhala pansi mwaulesi. Raymond anali ndi nyuzipepala pamwendo, cholembera chili kukamwa.

"Amayi zawo zinatha bwino," anatero Maynard.

"Zinatha."

"Koma mwamva za agogo a Thomas a kumtunda kuja? Akuti afolera denga ndi pepala lapulasitiki latsopano. Lakuda. Mvula yake iti?"

Raymond anachotsa cholembera kukamwa. Anayang'ana cha ku Mozambique, komwe mitambo inali itayambanso kumwazika, ndipo anapinda nyuzipepala ija osaimaliza.