Matenanti a Nthenga ku Chinyunyu

Ba Olipa atapuma pantchito ya unamwino ku Mpanshya, anamanga nyumba ya zipinda ziwiri ku Chinyunyu, pafupi ndi msewu waukulu, kuti azichititsa lendi. Anzawo a kutchalitchi ndiwo anawalimbikitsa, amvekere mwini nyumba sadziwa thukuta, amangodikira kuti mwezi uthe. Anzawowo analibe nyumba ya lendi ngakhale imodzi, n'chifukwa chake nkhaniyi ankaidziwa bwino kwambiri.

Chipinda cha kumanzere anatenga Rachael, mphunzitsi wa pasukulu ina yapafupi. Cha kumanja chinakhala miyezi iwiri chopanda munthu chifukwa ba Olipa ankasankha. Anakana dalaivala wa thiraki poopa oilo pakhonde. Anakananso mayi wina wa ana asanu, ati ana amalembalemba pakhoma. Makomawo anali a penti ya kirimu, ndipo pansi panali simenti yofiira imene iwo eni anaipukuta ndi polishi atagwada, mawondo akulira.

Kenako kunabwera Phinias. Anafika masana a mu Okutobala atamanga thayi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo popereka moni ananyonyomala pang'ono.

"Muli ndi banja?" anafunsa ba Olipa.

"Ndili ndekha, amayi. Sindimwa, sindisuta, wailesi ndilibe. Mudzaiwala kuti m'chipinda muno muli munthu."

"Nanga ntchito?"

"Ndili mu za ulimi."

M'boma lino la Rufunsa aliyense ali mu za ulimi, choncho ba Olipa sanafunsenso. Anasainirana pepala lonena kuti wochita lendi asalowetse munthu wina wodzakhala naye, ndiponso asakhome msomali pakhoma. Anabwerera ku Mpanshya akudziyamikira kuti zaka makumi atatu za m'chipatala zinawaphunzitsa kudziwa munthu pongomuyang'ana.

Patatha masabata atatu, Rachael anaimba foni.

"Ba landilodi, bwerani mudzaone aneba amene munandipezera. Zovala zanga zonse zikununkha, ana kusukulu ayamba kukhala kumbuyo kwa kalasi."

"Akumwa mowa?"

"Akanamwa bwenzi kuli bwino. Ingobwerani."

M'mawa mwake ba Olipa anadikira minibasi maola awiri, n'kukhala pampando wa pakati, thumba la mbatata la munthu wina lili pamiyendo pawo. Atatsika ku Chinyunyu, fungo linawachingamira asanafike n'komwe pampanda. Phinias anali pakhonde, thayi ili m'khosi, akusungunula mankhwala m'ndowa. Anaimirira mwaulemu n'kuwatsegulira chitseko ngati mlendo wolemekezeka wodzayendera chitukuko.

M'chipindamo munali anapiye a mabuloila mazana awiri. Simenti yofiira ija inali itakwiririka ndi utuchi wonyowa. Pakati panali mbaula ziwiri za makala, ndipo utsi wake unali utadetsa siling'i yonse kuti bii. Zomwera madzi zinali zitapachikidwa pamawaya, mawayawo atamangidwa pamisomali isanu ndi itatu yokhomedwa bwinobwino pakhoma la kirimu.

Ba Olipa anaona zambiri m'chipatala osagwedezeka, koma apa anagwira chitseko.

"Ba Phinias, si inu munati muli nokha?"

"Ndili ndekha ndithu, amayi. Pepala lija likunena za munthu. Taonani nokha ngati muli munthu muno."

"Nanga inu mumagona pati?"

"Kwa akulu anga, kuseri kwa msika. Muno munthu sangagonemo, amayi. Simukumva fungoli?"

"Ndikulimva, zikomo pondiuza. Nanga misomaliyo?"

Phinias anaiyang'ana ngati akuiona koyamba. "Imeneyo ndi yaing'ono," anatero.

Ba Olipa anamuuza kuti pofika Loweruka atuluke pamodzi ndi abale ake onse mazana awiri. Phinias anapinda manja pachifuwa n'kufotokoza modekha, ngati dokotala akulangiza wodwala wosamva, kuti buloila wa masabata atatu sasamutsidwa. Akangowatulutsa pamphepo, theka lifa tsiku lomwelo. Anapempha masabata ena atatu okha, nkhuku zikule, agulitse kwa okazinga a m'mbali mwa msewu, atuluke.

"Mudzakhala mwapulumutsa miyoyo, amayi. Si ntchito yanu imeneyo?"

Loweruka ba Olipa anabweranso ndi loko watsopano m'chikwama, atatsimikiza mtima kutulutsa chilichonse chokhala ndi mlomo. Woyamba kuwatsekereza pachipata anali Rachael.

"Ba landilodi, tiyeni tikhale ndi chifundo. Tinkhuku tating'ono, tilibe mlandu."

"Si iwe unandiimbira foni kuti ana akukuthawa m'kalasi?"

"Munthu amazolowera," anatero Rachael akuyang'ana pansi.

Sipanapite nthawi, zinadziwika kuti Phinias anali atamulonjeza nkhuku ziwiri zonenepa ngati aziwonjezera madzi m'zomwera iye akachokapo. Mphuno ya Rachael inachira tsiku lomwelo, popanda jakisoni.

Ba Olipa analowa m'chipinda loko ali m'manja. Tianapiye tinathamangira kumapazi awo n'kuyamba kujompha zingwe za nsapato. Anaima pamenepo kanthawi, akudzikwiyira okha. Kutaya tinthu tamoyo panja kuti tife kunawakanika. Anabweza loko m'chikwama n'kunena kuti masabata atatu, osawonjezerapo ngakhale tsiku.

Phinias anasunga mawu ake, ndipo pamenepo tisamunamizire. Tsiku lomwe anagwirizana anatuluka, makiyi n'kusiyira Rachael. Anatenga mbaula, zomwera, mawaya, ngakhale misomali isanu ndi itatu ija anaizula, kusiya mabowo ake kuti ba Olipa asasowe chomukumbukira nacho. Chimene anasiya chinali utuchi wosakanikirana ndi zitosi, wofika m'kakolo, wouma pamwamba koma wamoyo pansi.

Ba Olipa anabwereka fosholo, anamanga chitenje kumphuno, nayamba kupala. Anagwira masiku awiri, akugona pamphasa kwa Rachael, msana ukuwakumbutsa zaka zawo. Simenti itaonekera, inali itadyeka mawangamawanga. Anakhala pachidebe n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Matumba amene anadzaza anawasanja panja.

Tsiku lachitatu kunabwera ba Oswell, mlimi wa matimati wa kutsidya kwa msewu, ndi ngolo yake ya ng'ombe. Anati manyowa a nkhuku ndi abwino kuposa fetereza, ndipo akawatenga adzabweretsa mabokosi a matimati nthawi yokolola. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri, ba Olipa anamwetulira pamalo pawo.

Thumba lachitatu likukwera pangolo, Phinias anatulukira, thayi ili m'malo mwake.

"Pepani, amayi, pali kusamvana pang'ono. Manyowawo ndi anga."

Ba Olipa anatsamira fosholo. "Anu?"

"Nkhuku zinali zanga, chakudya ndinkagula ndine. Ndiye zimene zinatuluka..." Anatambasula manja, kusiya kuti nzeru zimalize zokha. "Ndimangodikira kuti aume. Koma mwandithandiza kwambiri kuwaika m'matumba, Mulungu akudalitseni."

Ba Oswell anayamba kuyang'anitsitsa goli la ng'ombe zake ngati lathyoka.

"Mwanena zoona, ba Phinias," anatero ba Olipa. "Ine sindidya za mwini. Ba Oswell, tsitsani matumbawo, muwabwezere m'chipinda."

Matumba onse atalowa, ba Olipa anatulutsa loko uja n'kukhoma chitseko.

"Zonse zimene zinatuluka m'nkhuku zanu ndi m'mbaula zanu zili umu. Manyowa, mwaye wa kusiling'i, mabowo, ntchentche, fungo. Katundu wa munthu sagawidwa. Mukafuna kutenga, mutenga zonse tsiku limodzi. Apo ayi, zikhala momwemo mpaka mvula, ine sindithamangira kulikonse."

Phinias anali atalonjeza kale manyowawo kwa mlimi wina wa kabichi, ndipo mlimiyo anali mlamu wa akulu ake amene ankamusunga. Anayesa kutchula pepala lija, koma ba Olipa anamukumbutsa kuti pepalalo likunenanso za misomali, ndipo ngati akufuna akaliwerengere limodzi pamaso pa anthu pamsika. Phinias anamasula thayi n'kuipinda bwino m'thumba.

Anakolopa masiku atatu. Anamata mabowo, anatsuka siling'i, anathira laimu pansi. Penti anabweretsa yekha, yotsala pomwe akulu ake ankapenta golosale: yobiriwira, yowala ngati chikwangwani cha malonda. Inakwana makoma atatu. Lachinayi linatsala la kirimu, ndipo Phinias anati masiku ano ku Lusaka akupenta choncho. Anatenga matumba ake. Ba Oswell anabwerera ndi ngolo yopanda kanthu, ndipo matimati awo ba Olipa amawagula pamsika ngati wina aliyense.

Mvula yoyamba itagwa, fungo linadzuka m'simenti ngati linangopita kokacheza. Anthu anayi anabwera kudzaona chipinda. Aliyense ankalowa, n'kuyamikira zenera, kenako n'kukumbukira kuti ali ndi ulendo wamwadzidzidzi.

Wachisanu anali ba Philemon, bambo wachikulire wodekha, wovala jekete lothimbirira. Analowa, anazungulira chipinda chonse, anapuma mpweya wambiri, n'kunena kuti achitenga.

"Ndikuuzeni zoona, musadzati ndinakubisirani," anatero ba Olipa. "Fungoli silichoka."

"Fungo liti, amayi?"

Ba Olipa anawayang'ana bwinobwino. "Ntchito yanu ndi yotani, bambo? Mundiuze yonse, musasiyeko."

"Ndimapikula nsomba zouma ku mlatho wa Luangwa. Zina ndizisunga muno, madengu khumi kapena kuposerapo."

Ba Olipa anayang'ana makoma atatu obiriwira, anayang'ananso msewu, pomwe minibasi ya ku Mpanshya inali itayamba kuliza hutala. Anafunsa ngati nsombazo ndi zakufa ndithu zonse. Ba Philemon anati ndi zakufa, zowamba kale. Ba Olipa anawapatsa makiyi n'kuthamangira minibasi.