Kamera ya Apongozi

Gulu la ojambula linkakumana Loweruka masana kuseri kwa shopu ya a Telala, m'kachipinda kodzaza zidutswa za nsalu, ndipo kunena zoona linali gulu la nkhalamba zokonda mkangano. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodyera kamera. Ankajambula chifukwa chokonda basi, komano aliyense ankadziyesa kuti ndiye anayambitsa kujambula pa dziko lapansi.

A Wotchi, amene anakalambira pakhonde la positi ofesi akukonza mawotchi, anafika atakumbatira kamera yawo yakale. M'kati mwake munali filimu, ndipo pa filimupo panali malemu akazi awo. Anawajambula masiku omaliza asanagonekedwe m'chipatala, ataima pakhomo, akuseka mpaka misozi chifukwa mphaka anawalanda mpando. Zithunzi zina zonse za malemuwo anatenga ndi alongo awo, a Mabasi, maliro atangotha, ati zinali za kubanja kwawo. Zotsala zinali zomwezi, zosatsuka.

Masitudiyo otsuka filimu anatha kalekale. Koma a Nesi, mayi yekhayo wa m'gululi, ankatsukabe okha kubafa kwawo atatchinga zenera ndi bulangete. A Wotchi anaganiza zowakokera pambali msonkhano ukatha kuti awapemphe kuwatsukira filimuyo mwachinsinsi, chifukwa a Mabasi nawonso anali a m'gulu lomweli, ndipo akanamva akanafunanso zimenezi. Filimuyo anali asanaikulunge kuibwezera m'kachitini kake. Kunatsala malo a zithunzi zingapo, ndipo munthu wokulira pa filimu sataya malo. Miyezi yonseyi ankafunafuna chinthu choyenera kutsatana ndi nkhope ya akazi awo, osachipeza.

Tsoka ilo, tsikulo a Telala anadzuka ndi maganizo.

"Lero tisatukwanane," anatero akusuntha makina osokera. "Aliyense afotokoze mmene anayambira ndi makamera amene anagwirapo. Mwaulemu, chonde."

Gululi linali ndi kachitidwe kake: wina akamalankhula, kamera yake inkazungulira tebulo, aliyense aigwireko. Cholinga chinali kuyamikira, koma chimene ankachita n'kufufuza zilema.

Anayamba ndi a Nesi. "Ine yoyamba inali ya bokosi, yogwirira pamimba, yoyang'anira pamwamba. Anandibwereka dokotala wina. Ndinajambula banja lathu lonse, pokatenga zithunzi onse alibe mitu. Amayi anandifunsa ngati ndimawafunira zabwino."

Onse anaseka, kupatula a Mabasi. "Nanga mwasiya? Mpaka lero mumadula mitu."

"Wanuwo ndikanaudula mosangalala," anatero a Nesi.

A Mabasi sanadikire kuitanidwa. Anali munthu wa mabasi atatu ndi mawu okwana mabasi khumi. Anatchula makamera awo onse ngati akuwerenga ana: yotulutsa chithunzi pomwepo, ya thumba la malaya, ya pansi pa madzi imene sinaonepo madzi, mpaka ya dijito ya tsopanoyi, ya galasi lalitali ngati mkono. "Filimu ndi ya anthu oopa zatsopano," anamaliza choncho, maso ali pa alamu awo.

"Inu mumajambula mazanamazana kuti mupezepo chimodzi," anayankha a Wotchi. "Si kujambula kumeneko, n'kuwaza."

"Bola ine zanga zimaoneka. Zanu tinazionapo liti, alamu?"

A Wotchi anawada munthu ameneyu, ndipo sanalinso kubisa. Anawada kuyambira tsiku la ukwati, pamene a Mabasi anauza anthu kuti mlongo wawo wakwatiwa ndi munthu wa pakhonde. Malemu ali moyo ankakhala pakati pawo. Tsopano pakatipo panalibe munthu.

"Nthawi yanu, a Wotchi," anatero a Telala atatambasula dzanja.

A Wotchi anaifinya kamerayo. Akanatha kunena kuti muli filimu, mawu awiri okha. Koma a Mabasi akanafunsa kuti ya chiyani, ndipo munthuyo akagwira funso salisiya. Anaganiza kuti alankhule mwachidule, amalize isanafike kutsidya kwa tebulo. Anaipereka.

"Ine ndinayamba ndi kukonza," anatero mothamanga. "M'kamera muli timasipuling'i ndi timawilo ngati m'wotchi momwe. Anthu ankabwera nazo zitafa. Ukakonza uyenera kuiyesa, ndiye poyesapo ndinakodwa. Ndagwirapo zambiri za eni ake, koma yanga ndi imodzi yomweyi. Ndinaipeza itafa, ndinaidzutsa ndekha. Basi."

"Munaipeza kuti?" anafunsa a Mabasi.

Kamera inali m'manja mwa a Nesi. A Mabasi anaitsomphola asanapatsidwe.

"Ndikufunsa, munaipeza kuti? Kudzala? Auzeni anzanuwa! Iyi ndi ya bambo anga. Anakupatsani kuti muikonze, inu n'kumabwera kwathu tsiku ndi tsiku, ati sinathe, ati sinathe. Munatenga kamera, munatenganso mlongo wanga. Mwabweza chiti?"

"Apongozi anandipatsa okha. Bweretsani kuno."

"Bodza!"

"Alamu, bweretsani kamera yanga."

"Yanu? Dzina la bambo lili m'kati mwa chitseko, anazokota okha ndi msomali ine ndikuona. Anzanga, bwerani mudzawerenge."

A Wotchi anadzuka, mpando n'kukodwa m'nsalu za a Telala. "Musatsegule! Muli..."

Munthu wa filimu akapatsidwa kamera amayamba wapotoza kachitsulo kokulungira, kuti amve ngati m'kati muli kanthu. A Mabasi ankadziwa zimenezi kale, koma zaka za dijito zinawachotsa m'zala. Anangokokera kachitsuloko m'mwamba, chitseko n'kutseguka. Sanalekere pomwepo. Anatembenukira kuzenera kumene dzuwa la masana linkalowera, kuti dzinalo lioneke bwino.

"Tsekani!" anakuwa a Nesi. "Muli filimu, munthu wamkulu inu!" Anawalanda n'kutseka, n'kuikwirira ndi nsalu yakuda imene anaitola pansi.

A Wotchi anaiona filimuyo kamphindi kochepako, yotuwa, itatambalala padzuwa. Anakhala pa mulu wa zidutswa.

"Koma dzina mwaliona?" anafunsa a Mabasi, akupumira m'mwamba. "Mwaliona, a Telala?"

"Ndaliona," anatero a Telala monyinyirika.

"Eya! Ndiye wabodza ndani? Za filimuzo pepani, mugula ina. Munali chiyani kodi, makonde a positi ofesi?"

"Munali mlongo wanu," anatero a Wotchi.

Kushopu kutsogolo munthu wina ankaitana a Telala, koma palibe anamuyankha.

"Mlongo wanga uti?"

"Munali ndi angati? Ndinamujambula asanapite kuchipatala. Akuseka. Zina zija munasesa zonse, ndinatsala ndi zomwezi."

Ukali wa a Mabasi unabwerera, chifukwa munthuyo njira ina sankaidziwa. "Ndiye osanena bwanji? Munthu wotani wosunga filimu yosakulunga miyezi yonseyi? Mwandichititsa ndi inu!"

"Ndikananena mukanandisiyira?"

A Mabasi anatembenukira kwa a Nesi, ndipo mawu awo anachepa mpaka kukhala a munthu wamba. "Mayi, inu mumadziwa zimenezi. Zapsa zonse?"

A Nesi anaisisita kamerayo pamwamba pa nsalu. "Zonse mwina ayi. Filimu yojambulidwa kale imadzikulunga mbali inayi. Zakunja, zimene zinajambulidwa pomaliza, zapita, musadzinamize. Koma zoyambirira zili m'kati mwa mkulungo, zinzake zaziphimba. Zimenezo mwina zipulumuka."

"Mwamva, alamu? Zoyambirira zilipo." A Mabasi anayandikira, anafuna kuwagwira paphewa, dzanja n'kuima m'malere. "Alipo pa zoyambirirazo, eti? Ngakhale chimodzi?"

A Wotchi anaikumbukira bwino filimuyo. Anaiika m'kamera tsiku limene a Mabasi anafika kunyumba kwawo akuliza hutala, kudzaonetsa basi yatsopano. Anaumirira kuti ajambulidwe ndi kamera yakale, ati zake za dijito zimangothera m'foni. Kutsogolo kwa basi, pambali pa basi, pa chiwongolero, phazi pa tayala. Mlongo wawo anali m'khitchini nthawi yonseyo, akuwaphikira tiyi.

"Zoyambirirazo ndi inu, alamu," anatero a Wotchi. "Inu ndi basi yanu."

A Mabasi anabweza dzanja lija.

"Nditsukebe?" anafunsa a Nesi chapansipansi.

"Tsukani," anatero a Wotchi akudzuka, natola chipewa chawo. "Zikatuluka muwapatse eni ake."