Miyala ya pa Mzere

Ndinali nditamata khoma limodzi ndi theka pamene Saumu anatulukira pa njinga yake ya nsomba. Sanatsike n'komwe, anangoponda pansi ndi phazi limodzi.

"Amake Eugénio, siyani dothilo. Mwana wanu amumanga ku kantina."

"Wamumanga ndani?"

"Mudzi wonse. Chingwe chili ndi a Waziri."

Ndinayang'ana dothi limene ndinaponda kuyambira m'mamawa. Linali litafewa bwino, ndipo madzi ake ndinachita kusenza kuchokera kudambo. Ndinapukuta manja pa kapulana amene ndinavala m'chiuno n'kukhala pa kaliyala, pamene pamakhala dengu la matemba.

"Koma ndinu olemera," anatero Saumu tikukwera kamtunda. "Diyamanti akusowayu mwameza ndinu?"

"Palasa, iwe."

Ife tinabwerera kuno chaka cha 1994, ine ndi Eugénio basi. Bambo ake ndi azing'ono ake awiri tinawasiya m'manda a ku kampu ya othawa nkhondo, ku Malawi. Zaka zisanu ndi ziwiri tinkadya ndi khadi. Amene sanakhaleko sangamve. Khadi linali kapepala kolimba ka chidindo. Tsiku logawa unkapita nalo pa mzere, akuitana dzina lako m'buku, iwe n'kulandira ufa, nandolo, mchere. Ndinaonapo mayi wina akulowa m'chisakasa choyaka kukatenga khadi. Malo pa mzere tinkagwira ndi miyala: umaika wako dzulo lake, n'kupita kukagona, ndipo palibe ankaukhudza. Panalinso lamulo limene ngakhale zidakwa zinkasunga, loti wapatsogolo asanachoke pa tebulo, wam'mbuyo sasuntha.

Amene ankasunga buku la chigawo chathu anali Eugénio, poti anaphunzira sukulu ya konko. Dzina lako likalowa m'buku la Eugénio, umadya.

Ndiye chaka chatha kunabwera anthu a Pedra Clara, kompanyiya yofufuza diyamanti. Anali ndi galimoto imodzi ndi chimakina choboola pansi. Anachita lendi kantina, sitolo yakale ya pa mphambano ya ku Entre Lagos, n'kulemba Eugénio ntchito yogulitsa mapepala awo. Iwo ankati akisau, ndiye kuti masheya. Pepala lalikulu, lokongola, la chidindo chofiira. Mwana wanga Chipwitikizi amadziwa chogulira sopo basi. Anthu atamufunsa kuti pepalali n'lachiyani, anafuna mawu n'kuwasowa, ndiye anati, "Lili ngati khadi la ku kampu. Dzina lanu lili m'buku. Tsiku logawa likakwana mulandira."

Palibe anafunsanso china. Ena anagulira mutu uliwonse wa m'nyumba, ndi makanda omwe, monga tinkachitira ndi makhadi. Ine ndinakana mwezi wathunthu, kenako ndinapereka mbuzi. Bwana wa kompanyiya anali atanena kuti pakatha chaka adzadziwa zimene zili pansi. Ife tinamva kuti pakatha chaka kuli kugawa. Chakacho chinakwana tsiku limenelo. Miyala inayamba kundanda pakhomo pa kantina masiku atatu m'mbuyo. Wanganso unalipo. Ndinati ndimate kaye, ndipita masana mzere ukayenda.

"Chachitika n'chiyani?" ndinafunsa Saumu.

"Azungu anakweza makina awo pa sitima Lolemba. Asiya pepala pachitseko. Aphunzitsi atiwerengera. Akuti pansipa sanapeze kanthu, akukafufuza kwina, mapepala tisunge."

"Tisunge."

"Eee, tisunge. Eugénio wabwera ndi kiyi, watsegula. M'katimo tebulo lokha."

Polisi ili ku Insaca, maola awiri pa njinga. Sindinaiganizire n'komwe.

Titafika ndinayembekezera chipolowe, koma kunali bata. Anthu anali pa mzere, aliyense pambali pa mwala wake, matumba opanda kanthu m'manja, ena zigubu za mafuta. Eugénio anali atagwada pakhonde, atamumangirira ku mzati. Zigongono zake zinali zitagundana kumbuyo ndi chingwe chonyowetsa, mmene ankamangira anthu nthawi ya nkhondo. Malaya ake oyera a ku ntchito anali atafiira mpaka m'chiuno. Khutu limodzi linali litang'ambika. Waziri anaima pambali, atamutsegulira buku pamaso.

Waziri ndinamudziwa akuyenda wopanda kabudula. Anatengedwa ndi asilikali ali mnyamata, anabwerako ali bambo wosalankhulalankhula.

"Werenga," anatero.

"Husseini Asani," anawerenga Eugénio. Mawu ankatuluka limodzi ndi magazi.

A Husseini, munthu wamkulu wosaphonya Swala ku mzikiti, anawerama n'kutola mwala wawo. Anafika kutsogolo, anaponya. Unamenya pachifuwa. Kenako anapinda thumba lawo bwinobwino n'kuima pambali, ngati munthu amene walandiradi.

Ndinakankha anthu mpaka pakhonde.

"Iwe Waziri, ukuchita chiyani ndi mwana wanga?"

"Tikugawa, mayi. Anatilonjeza tsiku logawa. Ndi lero. Aliyense alandira."

"Iyeyu wadyapo chiyani? Taona nsapato zake. Wakuba amavala zimenezo?"

"Ine za nsapato sindikudziwa. Zimene anandipatsa potula mfuti ndinapereka zonse. Zaka zisanu ndi zinayi m'tchire ndinasinthanitsa ndi pepala, chifukwa chidindo chinali m'manja mwa uyu."

"Itanani akuluakulu tikambe."

"Akuluakulu ali pa mzerepa, mayi. Wa nambala wani anali mkulu wa mpingo wanu." Ananyowetsa chala n'kutembenuza tsamba. "Dikirani dzina lanu. Mzere mumaudziwa."

Amuna awiri anandigwira m'mikono n'kundibweza. Sanandipweteke. Mmodzi mpaka anati pepani.

Ndinayang'ana bukulo. Linali lokhuthala, ndipo anali patsamba lachiwiri lokha. Mzere unafika mpaka ku mtengo wa mango. Mwana wanga sakanafika tsamba lachinayi.

"Tausi Bernardo."

Tausi anaponya dala pambali, mwala unagunda khoma.

"Mukuingitsa nkhuku, a Tausi?" anatero wina kumbuyo, ndipo anthu anaseka. Waziri anatola mwala uja n'kumubwezera m'manja. Kachiwiri Tausi anatsinzina, koma unamenya pabondo.

Wotsatira anali mnyamata wamphamvu wopalasa ngalawa pa nyanja ya Amaramba. Wake unamenya pamwamba pa diso. Mutu wa Eugénio unagunda mzati, khungu la pachipumi linatseguka, magazi anatseka diso lonse. Anayamba kugwera kutsogolo, chingwe chokha n'chimene chinamugwira. Waziri anamuthira madzi a m'chigubu kumaso n'kumudzutsa ndi tsitsi.

"Werenga, kalaliki. Anthu akudikira, dzuwa likuwawa."

Eugénio anayang'ana tsambalo nthawi yaitali ndi diso limodzi. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Waziri anamumenya mbama ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Zodiwa Sitefano."

Chibadwire mwana wanga anali asanatchulepo dzina langa ine ndili pomwepo.

Amuna aja anandisiya. Ndinapita pa malo anga n'kutola mwala wanga. Unali waukulu, wosalala, ndinausankha kuti mbuzi zisaugubuduze. Ndinakwera nawo pakhonde.

"Muponyere apo, mayi," anatero Waziri. "Kamodzi, monga anzanu."

"Ku kampu unaliko iwe? Unali m'tchire. Funsa awa. Munthu akafika pa tebulo amachoka atalandira zake zonse, ndipo asanachoke wam'mbuyo sasuntha. Ndikunama?"

Mayi wina wachikulire anati, "Ndi mmene zinalili," ndipo ena anagwedeza mitu.

"Masula dzanja limene linalemba," ndinatero.

Waziri anandiyang'ana, kenako anamasula la manja. Linali litatupa ngati chinangwa choviika. Ndinaligwira pamkono n'kuliyala pa simenti ya khonde.

"Amayi," anatero Eugénio. "Nanenso ndinagula. Malipiro anga onse ndinagulira."

"Ndinakutumiza kusukulu kuti uzikauza anthu zimene sukuzidziwa?"

"Amayi."

"Tseka pakamwa."

Sindinaganize zambiri. Panali dzanja, panali mutu. Munthu wopanda dzanja ndikhoza kumudyetsa. Manda ndinakumbitsa atatu, akwana.

Ndinakweza mwala ndi kutsitsa pa chala cholozera. Chinalira ngati phesi louma. Eugénio anakuwa kukuwa kumene sindinamvepo ngakhale tsiku limene tinathawa moto. Sindinamuyang'ane kumaso. Ndinakhala pansi, ndinapuma, ndinakonza kapulana. Ndinkafuna aliyense aone bwino, ndipo ndinkafuna zitenge nthawi.

"Chimenecho ndi cha mbuzi yanga," ndinatero mokweza. "Inali ndi bere."

Ndinatsitsanso pa chala chapakati. Chikhadabo chinachoka, magazi anandithothokera pamphumi. Eugénio anasanza. Mwana wina kumbuyo kwa mayi wake anayamba kulira, ndipo mayiyo anachoka pa mzere, sanabwerenso.

"Zakwana, amake Eugénio," anatero Tausi.

"Sindinamalize. Iwe unalandira zako, ndisiye ndilandire zanga."

Ndinapumanso. Manja anga ankaterera ndi magazi ndi dothi la kunyumba lija, ndiye ndinawapukuta pansi, chala chimodzichimodzi. Ntchentche zinali zitayamba kale kubwera. Kenako ndinamva mwala ukugwa pansi kumbuyo kwanga. Kenako wina. Sindinatembenuke.

Kachitatu ndinamenya pamsana pa dzanja, ndi mphamvu zanga zonse. Fupa linatulukira loyera. Eugénio sanakuwe. Mutu unangogwera pachifuwa.

"Mayi, mupha mwanayo," anatero a Husseini, omwe aja.

"Si zimene mwabwerera? Dikirani pa mzere. Ine ndikadali pa tebulo. Zala zatsala zitatu, ndiye ndiyambe dzanja linalo."

Ndinakwezanso mwala. Waziri anandigwira pamkono. Ndinalimbana naye zenizeni, chifukwa ndikanasiya msanga akanadziwa. Anandipotokola mpaka mwala unagwa n'kugubudukira pansi pa khonde.

Anayang'ana dzanja lija, kenako anayang'ana mzere. Unali utaduka pakati. Anthu ambiri anali atayamba kale ulendo wa kwawo, matumba atakolekera paphewa, osayang'anana. Otsalawo anangoima, miyala ili pansi.

"Inu mukanakhala nafe m'tchire," anatero Waziri, "nkhondo ikanatha msanga."

"Itana wotsatira."

"Wowerenga wakomoka."

"Werenga wekha."

Anatseka buku n'kuliponya m'kantina. Anatulutsa mpeni, anadula chingwe, Eugénio anagwera pa miyendo yanga. Waziri anatola chigubu chake n'kumapita.

Ankapuma. Ndinaika khutu pachifuwa kawiri kuti nditsimikize. Ndinang'amba kapulana, ndinamanga dzanja ndi chipumi. Ine ndi Tausi tinamukweza pa kaliyala n'kumumangirira kumsana kwa Saumu monga mwana wobereka. Tikumanga mfundo yomaliza anatsegula diso lija labwino. Anandiona. Anatembenuzira nkhope mbali ina.

"Ku chipatala ku Insaca," ndinauza Saumu. "Usaime panjira kugulitsa nkhani."

"Nanga akandifunsa kuti wamuchita ndani?"

"Uwauze kuti mayi ake."

"Inu simukubwera?"

"Lero sandifuna. Ndibwera mawa ndi phala. Akatuluka akagona kuti, nyumba ilibe makoma?"

Ndinayenda pansi kubwerera. Panjira ndinadutsa anthu amene anali pa mzere. Ankandipatukira ngati ndili ndi nthenda. Mmodzi yekha anandipatsa moni, ndipo ndinamuyankha.

Dothi ndinalipeza litauma pamwamba, litang'ambika mizere. Mu mtsuko munatsala madzi theka. Ndinasamba nawo m'manja pamwamba pa dothilo kuti asatayike pachabe, otsalawo ndinathira pomwepo, n'kulowamo ndi mapazi. Ndinaponda mpaka pakati pokha panafewa. Ndinatapa chibuma n'kuchiponya pa nsichi pamene ndinalekezera. Sichinagwire, chinagwa. Zala zanga zinkakana kupinda. Ndinawerama n'kuchitolanso.