Adadi ndi Chipewa Chachikasu

Anthu akamuona Orrin Haygood pa TV masiku ano amati anabadwa akudziwa kale kuponya mpira, uja wa ku America wogwira ndi manja. Bodza lenileni! Mkono umenewo unakulira pa zala zanga. Ine Lanelle, mlongo wake wamkulu, ndine ndinkawakha mipira yake kuseri kwa tchalitchi kwathu ku Bellard, adadi ataima pambali akukuwa ngati tili kutsidya kwa mtsinje: "Chigongono m'mwamba, iwe! Ponya ndi chiuno, osati ndi phewa lokha!" Chala changa chaching'onochi chinapindika nthawi imeneyo, ndipo palibe mtolankhani anabwerapo kudzachijambula.

Adadi athu, a Cleophus, ankayendetsa basi ya ana asukulu. Ku koleji sanapondeko, koma timu ya koleji ya kumtunda, Obiriwira, ankaikonda kuposa chakudya. Galimoto yobiriwira, khonde lobiriwira, ndi galu yemwe anamumanga kansalu kobiriwira m'khosi. Kubwalo la timuyo anali ndi mpando wawowawo, pafupi ndi mnzawo wa kutchalitchi, a dikoni Purvis. Za Achikasu, timu ya koleji ya kumunsi, pakhomo pathu sitinkazitchula n'komwe.

Orrin atatsala pang'ono kumaliza sekondale, makoleji anayamba kumulimbirana. Tsiku losankha litafika, m'holo ya sukulu anayala zipewa za makolejiwo patebulo, makamera ali mbali zonse, kuti mnyamata avale cha kumene akupita. Adadi anabwera atatchena suti, tayi yobiriwira, akugwirana chanza ndi aliyense. Chimene sanafune kumva n'chakuti Obiriwira anali atamuuza Orrin kuti ndi wamfupi, akakhala wothamangira mipira yoponya ena. Achikasu anati bwera, udzakhala kwotabaki, woponya ndi wolamula anzako m'bwalo udzakhala iweyo. Orrin anatambasula dzanja n'kutenga chipewa chachikasu. Holo yonse inaomba m'manja. Adadi anadzuka, n'kupita kukakhala m'galimoto.

Sanamukane mwana, ayi. Ankamutumizira nyama yootcha, kumufunsa za maphunziro ndi za matayala a galimoto yake. Koma za mpira, pakamwa tseke. "Ine wachikasu sindimuombera m'manja," ankatero, "ngakhale atakhala mngelo." Zinkandikwiyitsa zedi. Orrin ankaziseka pamaso pa anthu, koma akaimba foni Loweruka masewero atatha, funso lake linali lomwelo: "Asisi, adadi aonera?" Ine ndinkayamba kumufotokozera za nyengo.

Chaka choyamba anakhalira benchi, chachiwirinso chimodzimodzi. Chachitatu kochi anamupatsa timu, ndipo mwana uja anayamba kuvuta. Kenako anakwana masewero amene dera lonse limadikira chaka chathunthu, Achikasu kupita kubwalo la Obiriwira. Lachinayi la chikondwerero chothokoza, nkhukundembo ili patebulo, Orrin anafunsa.

"Adadi, Loweruka mukakhala mbali iti?"

"Pampando wanga."

"Ndiye mukandisokosera?"

Paja ndi mmene timachitira. Kwotabaki wa alendo akamauza anzake zochita asanalandire mpira, eni bwalo amasokosa kuti anzakewo asamve kanthu. Ndipo m'chigawo cha bwalo chomwe ankakhala, oyambitsa phokosolo anali adadi. Mawu awo ankamveka mpaka koimika magalimoto.

"Aliyense ndi ntchito yake, mwanawe," anayankha. "Tandipatsira mbatatayo."

Loweruka amayi anakakhala ndi makolo a Achikasu, ine anandituma kukakhala ndi adadi kuti ndiziyang'anira BP yawo. Ndinayang'anira chiyani? Munthu wamkulu, manja ali kukamwa, kukuwiza mwana wobala yekha kuyambira pachiyambi! Ndinatsala pang'ono kuwatsanulira khofi. Pamene zimphona zitatu za Obiriwira zinamugwera Orrin n'kumukhomera pansi, adadi anasiya kaye, n'kumadikira mpaka atadzuka. Atadzuka anayambiranso.

Dzuwa likupendeka, Achikasu anali kumbuyo pang'ono pa zigoli, ndipo nthawi inatsala yongokwanira kuponya kamodzi. Zinali kuchitikira pansi pathu penipeni. Bwalo lonse linaimirira, phokoso lake mpaka simenti inkanjenjemera. Orrin anathamangira uku akukuwa, anathamangira uko, mitsempha ya m'khosi ili njo, koma anzake ankangoloza makutu n'kupukusa mitu. Ndinamumvera chisoni mlongo wanga. Ankaoneka kamwana.

Ndiye ndinangoona adadi afulatira bwalo, ayang'ana chigawo chawo, manja onse m'mwamba.

"Chete! Khalani chete nonsenu! Mwana wanga akulankhula!"

Abale, anthu anakhaladi chete. Si kumvera ayi, kunali kudabwa. Mzimayi wina kumbuyo kwathu anatsala kukamwa kuli yasa. Mbali zina za bwalo phokoso linapitirira, moti Orrin sanamve kapena kuona chilichonse cha zimene adadi anachita. Anangoomba m'manja, analandira mpira, anabwerera m'mbuyo, n'kuuponya pamwamba pa mitu ya zimphona zija. Unapita ukuzungulira bwinobwino mpaka kukagwera m'manja mwa mnzake kuseri kwa mzere wogoletsera, pakona. Achikasu apambana!

Adadi anadumpha. Sindinawaonepo akudumpha chibadwire. Anandikumbatira ine, anakumbatira mzimayi uja, kenako anagwira mutu wa a dikoni n'kuupsompsona padazi. Pakati pa Obiriwira onse amene anali ndwii, munthu mmodzi wovala zobiriwira ankavina.

Tinakamudikira pachipata, poima mabasi a timu. Orrin anatuluka tsitsi lili lonyowa, anthu akumukoka uku ndi uku. Atawaona adadi ndi malaya awo obiriwira anachepetsa liwiro, chimwemwe chija n'kuchibisa.

"Pepani, adadi. Timu yanu."

Adadi anatsegula pakamwa, koma mawu anali atatheratu ndi kukuwa kuja. Amene analankhula anali a dikoni, akupukutabe dazi lawo ndi mpango.

"Mnyamata iwe, bambo akowa atichititsa manyazi lero. Mpira womaliza, nthawi yofunika phokoso, iwo kutembenuka n'kutilamula kuti tikhale chete, ati mwana wawo akulankhula! Ine dikoni wathunthu kundikhalitsa chete! Mawa ndikawanenera kwa abusa."

Orrin anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu, misozi ili kale pamasaya. Anaponya chikwama pansi, anawagwira adadi m'chiuno n'kuwanyamula, miyendo ili lendelende, anthu akuonerera.

"Nditsitse, chitsiru iwe," ananong'ona adadi ndi timawu tosasa. Koma manja awo anali atakoleka khosi la mwana wawo, ndipo basi ya timu inachita kuliza hutala asanamusiye.