Gulugufe wa Phiko Limodzi

Mlonda wa pageti anayang'ana foni ya aTelala, kenako nsapato zawo zomwe zinali mbuu ndi fumbi.

"Mukuti mukujambula gulugufe? Ndi miyendo?"

"Foniyi imalemba mzere paliponse pomwe ndadutsa," anatero aTelala. "Taonani. Mutu uwu, phiko ili, latsala phiko lina. Ndiloleni ndidutse mumpandamu, ndikatulukire geti la kuseri. Mphindi zitatu zokha."

Gulugufeyo anali wa akazi awo. Chidwalireni sitiroko chaka chatha, mayiwo anali asanapondenso panja. Kale ndiwo ankajambula maluwa opeta pa madiresi omwe aTelala ankasoka. Tsopano ankajambula ndi dzanja lamanzere pa mapu a tauni omwe mwana wawo anawasindikizira, ndipo masana aTelala ankatseka shopu n'kukaponda mizereyo. Pobwerako ankawafotokozera zonse: kanjira ka kuseri kwa owotcherera zitsulo, mbuzi yogona pamwamba pa galimoto yakufa, kamlatho ka thabwa limodzi. Zaka makumi atatu m'tauni yomweyi, koma malo amenewa sankawadziwa.

Mpandawu pamapu panalibe. Njerwa zake zinali zatsopano.

"Bambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero mlonda. "Ine m'mimba mwanga muli zii. Abwana akakuonani pa kamera, ntchito yandithera."

"Ndi za odwala, achimwene."

"Ndamva. Nanenso kwathu ndasiya odwala."

ATelala anayesa kuzungulira. Kumanja kunali ngalande ya madzi akuda, kumanzere msewu unkakhotera kutali. Anautsata bondo likuwawa, akuona mzere ukusokera pafoni mpaka phiko linasanduka chigamba.

Kunyumba anapeza mayiwo atatsamira pilo, akudikira. Mayiwo anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Gulugufe wanga mwamugunditsa galimoto," anatero, mawu akukokeka, akusekera mbali imodzi ya pakamwa. "Ndipatseni cholembera, timupezere njira ina."

Cholembera chinayenda pang'ono pamapu n'kugwera pabulangete. ATelala anawatolera. Chinagwanso. Mayiwo anayang'ana dzanja lawo lamanzere ngati la mlendo.

"Layamba liti kufooka?" anafunsa aTelala.

"Dzana. Sindinafune kuti musiye kuyenda."

ATelala anakhala m'mphepete mwa bedi, anaika cholembera pakati pa zala za akazi awo n'kuzifumbatira ndi dzanja lawo. Zalazo zinali zozizira.

"Nenani kolowera," anatero.